Mtsinje Wopanda Gwero

Mchimwene wanga atapeza ntchito kutali, anandisiyira zinthu zitatu: kathumba ka madayisi, mpando wa kumutu kwa tebulo, ndi Amalume.

Madayisi ndi mpando sizinandidetse nkhawa. Kwa zaka zisanu ndinkamuona akuyendetsa masewera athu Loweruka lililonse masana, m'chipinda chodyera cha Amayi. Masewerawa ndi otere: aliyense amakhala ndi munthu wake wongopeka, wina msilikali, wina sing'anga, wina mbala ya mtima wabwino, ndipo wokhala kumutu kwa tebulo amafotokoza dziko lomwe anthuwo akuyendamo. Ukanena zomwe munthu wako akufuna kuchita, umaponya dayisi, dayisiyo n'kuweruza. Dzikolo silichokera m'mutu mokha ayi. Lili ndi mabuku ake, onenepa ngati a kusukulu ya udokotala, ofotokoza mafumu, mizinda, zilombo ndi nyengo za maiko omwe kulibe, ndipo buku lililonse limabwera ndi mapu opinda.

Buku lathu lakale mchimwene wanga anapita nalo. Ngakhale akanalisiya, dziko limenelo tinali titalimaliza. Mafumu onse oipa tinali titawagwetsa, ena mpaka kawiri. Panafunika buku lina, ndipo wosankha ndinali ine.

Apa ndi pomwe Amalume akulowera. Anagwira ntchito yoyeza malo kwa zaka makumi atatu, kukwera mapiri atasenza chipangizo cha miyendo itatu kuti aone komwe madzi angadutse. Akazi awo atamwalira chaka chatha, anasiya kwaya, anasiya kupita kometetsa, foni ankangoiyang'ana ikulira. Chomwe sanasiye ndi Loweruka. Thu koloko ikakwana ankafika, pensulo ili kukhutu, kudzasewera munthu wawo, wopalasa bwato wokalamba wosamva za anzake.

“Tsiku lomwe amalume ako adzasiye kubwera Loweruka, ndiye kuti tawataya,” anatero Amayi akupukuta magalasi awo. “Usankhe bwino buku lakolo.”

Ankadziwa zomwe ankanena. Amalume amalola zinjoka zolavula moto. Amalola mitengo yoyankhula ndi akufa oyenda. Chomwe salola ndi madzi abodza. Tsiku lina mchimwene wanga anabwera ndi buku latsopano, Amalume anayang'ana mapu ake kanthawi kochepa, n'kuwapinda bwinobwino. “Mtsinje uwu ukukwera phiri,” anatero, n'kuvala chipewa. Anatha milungu itatu osabwera. Nthawi imeneyo kunali akazi awo owathamangitsa m'nyumba kuti abwerere. Tsopano kunalibe.

Shopu ya mabukuwa ili pamwamba pa malo ogulitsa mankhwala, kumapeto kwa masitepe onunkha utoto. Mwini wake anandiyalira atatu pa kauntala. Loyamba linali la dziko la chisanu, komwe madzi onse ndi ouma gwa. Kumeneko mtsinje sungalakwe, koma wopalasa bwato akanakhala lova, ndipo ulova ine ndimaudziwa, sindingaufunire munthu. Lachiwiri linali la zilumba zoyandama m'mwamba, mathithi akugwera mumlengalenga. Ndinamva mawu a Amalume m'mutu: nanga akabwerera bwanji kumtunda? Ndinalitseka.

Lachitatu linali la chikuto chobiriwira. Mizinda ya amalonda a mchere, mabelu omwe amalira okha kukafuna kubwera mliri, bungwe la akazi amasiye lomwe limasankha mfumu. Ndinaliwerenga chiimire mpaka mwendo unachita dzanzi. Koma mapu ake anali omatidwa m'kapulasitiki kuchikuto chakumbuyo.

“Sindingatsegule ndione?”

“Mukagula, chemwali.”

“Nanga mitsinje yake ikuyenda bwino?”

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. “Anzanu amandifunsa za zinjoka.”

Ndinagula. Mapu ndinawatsegulira m'basi, pa miyendo, ndipo mtima unangoti phwii. Mtsinje waukulu wa dzikolo unkachoka m'nyanja ya kumpoto, n'kudutsa pakati pa mapiri ngati kuti mapiriwo kulibe, n'kukathera m'nyanja ya kumwera. Unalibe gwero. Unali ndi pakamwa pawiri.

Ndinamuimbira mchimwene wanga ndisanatsike.

“Bisa mapuwo,” anatero.

“Amalume asewere opanda mapu? Iwe unabadwira kuti?”

“Ndiye wakonze. Si umagwira ntchito ya mapepala?”

Zoona. Ndili ndi digiri ya mbiri yakale, ndipo ntchito yanga ndi kufotokopa masatifiketi a anthu ena. Lolemba, abwana atapita kokadya, ndinafotokopa mapu aja, n'kutenga kabotolo ka utoto woyera wofufutira, n'kufufuta kachigawo ka mtsinje komwe kanali m'mapiri. Pamalopo ndinajambulapo timapiri tiwiri ndi cholembera chakuda. Nditafotokopanso, panatuluka dziko la ulemu wake: mitsinje iwiri, wina wotsikira kumpoto, wina kumwera, uliwonse wochokera kumtunda monga mwa chilengedwe. Ndinadziyamikira. Aka kanali koyamba kuti maphunziro anga a momwe maboma amasinthira mbiri andithandize.

Loweruka onse anafika. Anesi, oyandikana nafe nyumba, omwe pa tebulo ndi msilikali wosadziwa chifundo. Msuweni wanga Makaniko, mbala ya mtima wabwino, manja akununkha sopo wochotsera girisi. Ndi Amalume, tsitsi litafika m'makutu. Chipewa anachikoleka pa msana wa mpando.

“Adigiri,” anatero, poti ndi momwe amanditchulira, “tamva kuti mwatipezera dziko.”

“Eya, Amalume. Lili ndi mchere wambiri.”

“Bola lisakhale la chisanu,” anatero Anesi. “Ine kuzizira ndimakupeza kuwodi.”

“Muli zoba?” anafunsa Makaniko.

“Muli. Mulinso ndende.”

Ndinayala pepala langa pakati pa tebulo. Amalume anachotsa pensulo kukhutu, natulutsa karula kachitsulo m'thumba la malaya. Anayamba ndi gombe, chala chikuyenda pang'onopang'ono ngati chikuwerenga. Anakwera ndi mtsinje wa kumwera mpaka kumapiri. Anaima. Anayeza. Anabwerera kunyanja n'kuyezanso. Kenako ananyamula pepalalo n'kuliyang'anitsa pa zenera.

“Adigiri.”

“Ee, Amalume.”

“Mtsinje subadwa wonenepa. Umayamba ngati ulusi, n'kumakula ukamatsika. Uwu pogwero ndi waukulu chimodzimodzi ndi pothera. Mnzakeyunso chimodzimodzi. Ndipo mapiri awiri awa ajambulidwa ndi munthu wamanzere.”

Wamanzere m'banja mwathu ndine ndekha. Makaniko anayamba kutsokomola. Anesi anamuponda phazi.

“Bweretsani mapu enieni.”

Ndinakawatenga kuchipinda, pansi pa pilo pomwe ndinawabisa ngati kalata ya chibwenzi. Pobwerera ndinapeza Amayi ataima pakhomo la kukhitchini ndi ketulo m'manja, osalowa, osabwerera. Sankayang'ana ine. Ankayang'ana chipewa. Tonse tinkayang'ana chipewa.

Amalume anatambasula mapuwo, n'kupsinja ngodya zake ndi makapu. Anawayang'ana nthawi yaitali moti ndinamva wotchi ya pakhoma, yomwe sindinkadziwa kuti imamveka.

“Uwu si mtsinje,” anatero pomaliza.

“Ndikudziwa, Amalume. Pepani. Ndinaona nditagula kale, ndiye ndinaopa kuti...”

“Simukudziwa. Khalani pansi. Uwu si mtsinje, ndi ngalande. Anachita kukumba.”

Ndinakhala pansi.

“Taonani.” Anagoneka rula pa mzere wabuluu uja. “Kuchoka apa kufika apa, wawongoka ngati chingwe. Madzi sayenda choncho, madzi ndi aulesi, amazemba chilichonse. M'lifupi mwake simukusintha. Ndiye taonani mizinda: apa, apa, apa, mtunda wake wofanana. Ulendo wa tsiku limodzi pa bwato lolemera. Mizinda imeneyi sinamere yokha, anaiika.”

“Nanga m'mapirimo bwato likwera bwanji?” anafunsa Makaniko. “Amalikankha?”

“Iwe umadziwa za jeke basi. Amamanga zitseko za madzi, ngati masitepe. Bwato lilowa, atseka kumbuyo, adzaza madzi, likwera, atsegula kutsogolo. Koma kuti zimenezi zitheke pamafunika madzi pamwamba, ambiri, osaphwa.” Pensulo inazungulirazungulira m'mapiri n'kuima pa kadontho kabuluu komwe ine ndinkayesa kuti inki inangodontha. “Nayi. Nyanja yopanda dzina. Adigiri, bukulo likuti anakumba ndani?”

“Silikunena. Likungoti mtsinje.”

“Mizinda yonseyi ikudya za ngalande imeneyi, koma palibe wotchula amene anaikumba?”

“Palibe.”

Amalume anatsamira mpando, ndipo msana wawo unaphwanya chipewa chija osazindikira. “Ndiye kuti alipo akubisa.”

“Ngalande yotere popanda makina,” anatero Anesi, “anafapo anthu angati?”

“Masauzande, mayi. Ndipo anawaika penapake. Wopalasa wanga akufuna akaone nyanja imeneyi. Amene wagwira chitseko cha pamwamba wagwira khosi la dziko lonse.”

“Kumeneko ndiye kuli zoba,” anatero Makaniko.

Ine ndikukhulupirira kuti wojambula mapuwo anangofuna mzere wabuluu wokongoletsa pakati pa pepala, ndipo rula anaigwiritsa ntchito chifukwa inali pafupi. Izi sindinanene. Nkhani yomwe ndinakonza mlungu wonse, ya belu lobedwa, ndinaikankhira pansi pa buku. Ndinatsegula kathumba ka madayisi.

“Muli padoko la mzinda woyamba,” ndinatero. “Kukucha. Wopalasa wafunsa njira ya kumapiri, ndipo onse ogulitsa mchere asiya kuyankhula.”

“Ehe,” anatero Amalume. “Ndimadziwa.”

Amayi analowa n'kuthira tiyi. Anathira mpaka m'kapu ya Anesi, omwe samwa tiyi.

Tinasewera mpaka dzuwa linachoka pa tebulo. Ponyamuka, Amalume anawongola chipewa chawo, nachiyang'ana modabwa, kenako anapempha kubwereka mapu. Anati akufuna akawerengere kuti zitseko zingakhale zingati. Pepala langa lofufuta analipinda n'kundibwezera m'manja.

“Ili musunge. Mukadzafuna ntchito yonama, musadzalionetse.”

Lachitatu masana, ndikufotokopa ziphaso za mayi wina, foni inalira. Nditaona dzina ndinazimitsa makina. Chichitikireni maliro aja, Amalume anali asanaimbirepo munthu.

“Adigiri, phiri lalitali lija, kutalika kwake ndi bwanji?”

“Buku silikunena, Amalume.”

“Ndiye inu ndi amene mukudziwa. Si ndinu a kumutu kwa tebulo?”

Kumbuyo kwawo kunkamveka kulira kwa makina ometera, ndi munthu wina akuwauza kuti aweramitse mutu. Ndinapisa m'chikwama, n'kupeza dayisi imodzi, n'kuiponya pa chivundikiro cha fotokope. Mayi wa ziphaso uja anandiyang'ana ngati ndayamba zamatsenga. Ndinawauza Amalume nambala yomwe inatuluka.

Ndinawamva akuwerengera.

“Lachepa. Mvula yake singadzaze nyanja ija. Ponyaninso.”

Ndinaponyanso.