Mkuyu wa Kuseri kwa Bango

Amayi anasiya njira yolambulidwa bwino ija n'kulowera kubango, ndodo patsogolo, ngati munthu wopita kudimba kwake. Ine ndinali nditatsalira, ndikujambula apusi pa foni.

"Amayi, kumeneko saloleza," ndinatero. "Chikwangwani chikuti kuli ng'ona."

Sanacheuke n'komwe.

Ulendowo anauyambitsa okha. Chibwerere kwathu ku Area 14 kudzaonana ndi dokotala wa maso, sanapemphepo kanthu, ngakhale kukaona msika. Koma Loweruka limenelo anati, "Kenani, undiperekeze kudambo lija anatchinga ndi waya m'mbali mwa Lingadzi." Ndinkadziwa kuti mudzi wathu unali chakomweko anthu asanasamutsidwe pomanga likulu, ine ndisanabadwe. Koma ndi uchitsiru wanga wa m'tauni, ndinangoti mayi anga ayamba kukonda mbalame. Ndinanyamula ndi mabisiketi omwe.

Mlonda wa pamalopo, bambo wa imvi dzina lake Frazer, anatulukira akuthamanga.

"Pepani mayi, bwererani. Mundichotsetsa ntchito."

Amayi anaima, matope atafika kale m'akakolo. "Bambo, pano panali mkuyu wopendamira kumadzi. Maso angawa akutha, adokotala akuti chaka chamawa sindidzaona. Kodi ulipobe?"

"Ulipo, kuseri kwa bangoli. Mukufunako chiyani?"

"Ndinasiyako mwana."

M'mimba mwathu tinabadwa anayi, ndipo woyamba ndine. Ndi mmene ndinkadziwira.

"Mtayo," Amayi anatero, akuuza a Frazer osati ine. "Wamkazi. Anabadwa osalira. Azimayi anadzamuika patsinde pa mkuyuwo, dzenje losaya, n'kundiuza kuti ndikangolira sindidzaberekanso. Ndiye sindinalire. Ndinkadutsapo tsiku lililonse ndi mtsuko, kukamwa kuli tseke. Miyezi iwiri isanathe, magalimoto anabwera kudzatisamutsa."

A Frazer anayang'ana kumtunda kwa njira, anayang'ananso kumunsi. Kunalibe munthu. Anatola miyala n'kuponya m'madzi, anamvetsera, kenako analowa m'bangomo akumenyamenya ndi chibonga chawo mpaka mkuyu unaonekera. Pamenepo anaima. Anabwerera, anagwira Amayi dzanja, n'kuwalozera.

"Pitani chomwechi. Pansi mpouma. Mukaona chachilendo muitane."

Ndinanyamuka kuti ndiwatsatire, koma a Frazer anandiika dzanja pachifuwa.

"Achimwene, kumeneko amuna sitifikako. Simudziwa?"

Sindinkadziwa. Ndinachita manyazi kwambiri. Munthu wamkulu ndithu, wa ofesi yakeyake ku City Centre, kuchita kuuzidwa ndi mlendo za m'nyumba mwa mayi anga. Ndinawakwiyiranso Amayi pang'ono chifukwa chondibisira zaka zonsezi, koma mkwiyowo sunakhalitse. Akanandiuza bwanji chinthu chimene iwo eni analetsedwa kuchilira?

Bango linawabisa. Kwa kanthawi kunali zii, kupatula achule ndi phokoso la maminibasi kutali. Kenako mawu anayamba, otsika, osweka, ngati chitseko chimene chakhala chosatsegulidwa.

A Frazer anavula chipewa n'kufulatira mkuyuwo. Nanenso ndinatembenuka. Kutsogolo kwathu kunali chikwangwani chojambulidwa mbalame za m'dambomo, iliyonse ndi dzina lake pansi. Ndinawerenga mainawo onse, n'kuyambiranso, kumbuyo kwanga Amayi akulira mlongo wanga amene sanapatsidwe dzina.