Dixon Alira Firiji ya Chilekwa

Kampani ya boma imene ankagwirako ntchito itagulitsidwa, Dixon Mwanza anatsala ndi tayi imodzi ndi pakamwa pake. Ndi ziwirizi anadzipezera ntchito yolakatula pa maliro. Zaka zimenezo ku Matero makampani ankatsekedwa koma manda ankatsegulidwa tsiku ndi tsiku, choncho sankasowa kopita. Womwalira aliyense ankamusandutsa mtengo wamthunzi wogwetsedwa ndi mphepo, ngakhale chidakwa chimene chinkagona m'ngalande.

Atamwalira Chilekwa, mnzake wa kuntchito kuja, mkazi wa malemuyo, Dyness, anaitanira Dixon kuseri kwa nyumba. Anamuuza kuti nthawi yonse imene mwamuna wake ankadwala palibe wachibale amene anabwera, ngakhale ndi lalanje limodzi. Koma tsopano Nkole, mkulu wake wa malemu, anali atafika kuchokera ku Kabwe ndi lole, ndipo anali atayeza kale firiji ndi chingwe.

"Ba Dixon, lelo musakambe va mitengo," anatero Dyness. "Kambani vamene mwaona."

Dixon anavomera. Choonadi anali asanachilakatulepo.

Kumanda, abusa atamaliza, anakonza tayi yake, nakweza mawu:

"Chilekwa, wapita wekha, mnzanga,
koma firiji yako ili ndi operekeza.
Ukudwala, msewu wa ku Kabwe unali woipa;
lero lole ya Nkole yadutsa bwinobwino.
Gona, usadere nkhawa mkazi wako,
amusiyira mphasa, poti ndi anthu achifundo."

Amayi amene ankalira anadukiza. Wina anatsokomola pobisa phwete, abusa nayamba kufunafuna vesi limene sanalitaye. Dixon anaumitsa khosi kudikira chibakera. M'malo mwake anamva kulira kwamphamvu: anali Nkole, atagwira mutu, amuna awiri akumuchirikiza kuti asagwere m'dzenje. Dixon anabwerera kwawo akuyenda ngati nduna. Mumtima ankati mawu ake athyola munthu, ndipo ankadzifunsa chifukwa chake anachedwa chotere kuyamba kunena zoona.

M'mawa mwake anapita kukaona Dyness, akuyembekezera kuthokozedwa. Anapeza lole itaima chafutambuyo pakhomo, mipando ndi bedi zitamangidwa kale pamwamba. Dyness anali atakhala pakhonde ndi ana ake, pamphasa.

Nkole ataona Dixon anathamanga, namugwira chanza ndi manja awiri. Anamuuza kuti chibadwire dzina lake linali lisanalowepo m'ndakatulo, ndipo anthu a ku Kabwe sadzakhulupirira akakawauza. Anapempha kuti tsiku lake likadzafika, adzamulire Dixon yemweyo, osati wina. Dixon anayesa kufotokoza kuti ndakatuloyo inali ndi tanthauzo lina, koma Nkole anati tanthauzo analimva lonse, makamaka pamene panatchulidwa lole.

"Manje tithandizeni, ba poeti. Gwirani uku, ni yolema," anatero Nkole, akuloza firiji.

Dixon anayang'ana anthu amene anaima m'mphepete mwa mpanda. Dzulo lomwelo ankamugwedezera mitu kumanda. Tsopano aliyense ankaona zala zake za kumapazi. Dixon anawerama, nagwira firiji kumunsi, tayi ikukwekwereza pansi.

Akudutsa nayo pakhonde, Dyness anapinda miyendo kuti awapatse njira.

"Samalani chitseko cha firiji, ba Dixon," anatero osamuyang'ana. "Chimatseguka chokha."