Nkhope ya Kaisara Wakufa

Nyundo itagunda kachitatu, Fileto anasuzumira m'dengu la ndalama zimene ankasula.

"Achimwene, taonani ndalamazi," ananong'ona. "Si nkhope ya Kaisara wakufa uja iyi?"

Hilaro, kapolo mnzake amene ankaika siliva pachidindo kuti Fileto amenye, anali ataona kale. Kaisara ameneyo anaphedwa mwezi wathawo, ndipo akuluakulu a Roma analamula kuti nkhope yake isaonekenso paliponse. Koma kapitawo wawo, Kresensi, maso anali atachita nkhungu ngakhale sankavomera. M'mawa umenewo anatola chidindo chakale m'bokosi n'kuchikhoma yekha pamalo pake.

"Menya, iwe," anatero Hilaro.

"Tikawauze abwana!"

Hilaro anatukula dzanja lake lotsala zala zitatu. Chaka chathacho iye anauza Kresensi kuti chopanira chogwirira siliva chathyoka. Kresensi anayankha kuti kapolo ndi manja basi, pakamwa alibe, agwire ndi zala. Nyundo inatera pomwepo. Chiyambire tsiku limenelo Hilaro ankadana naye munthuyo, chidani chosowetsa tulo.

"Anati ndilibe pakamwa. Ndiye ndikawauze ndi chiyani?"

"Atikwapula tonse!"

"Msana umapola, m'bale wanga. Zala sizimera."

Kresensi anadutsa, mimba patsogolo. "Miseche yayamba? Dengu limeneli lidzaze dzuwa lisanafike paliwombo!"

"Lidzaza, bwana," anayankha Hilaro mwaulemu wonse. Ntchito imene anagwira tsikulo sanaigwirepo chibadwire.

Masana kunabwera mkulu woyendera, asilikali awiri pambuyo. Anatola ndalama imodzi, n'kuitembenuza.

"Wakhoma chidindochi ndani?"

Kresensi, poyesa kuti kukubwera chiyamiko, anadziguguda pachifuwa. "Ine ndemwe, bwana! Agaluwa sindiwalola n'kuchikhudza komwe."

"Ndiye mtima wako udakali kwa wakufayo, eti?"

Mkuluyo anamuyandikizira ndalama ija kumaso. Kresensi anatsinzinira, anatsinziniranso, n'kuizindikira nkhope ija. Choipa chitsata mwini ndithu. Mkulu uja analamula kuti akapolo awiriwo akwapulidwe, dengu lonse libwerere pamoto, ndipo kapitawo amangidwe akafotokoze bwino kwa oweruza. Hilaro anavula malaya yekha, osadikira kuuzidwa.

Asilikali akumukoka pakhomo, Kresensi anacheuka, thovu kukamwa.

"Hilaro, unaona iwe! Bwanji sunanene?"

Hilaro sanatsegule pakamwa. Anangomuonetsa zala zitatu zija.