Paipi ya Takisi ya Anselmo

"Mwendo wa mayi uja wathyola ndiwe, Pilira, ndi umakaniko wako wophunzira pafoniwo."

Anselmo analankhula ataima pakhomo pa galaja ya pa Chimbiya, malaya ali ndi magazi a munthu wina. M'mawa umenewo, akutsetserekera ku Linthipe pa takisi yake, nkhungu inatseka msewu, galasi lakutsogolo n'kuchita nthunzi mkati. Anayatsa eyakoni, makina oziziritsa mpweya m'galimoto, kuti iumitse galasilo, koma inangolira chabe. Ali mkati mopukuta ndi chipewa, anagunda mayi Veronika akuwoloka ndi dengu la kabichi pamutu. Anawasiya kuchipatala. Kupolisi anali asanapite.

Pilira anatuluka kunsi kwa lole imene ankakonza.

"Eyakoni yanu sindinaikhudze, achimwene. Ndinangokuuzani kuti paipi yake ikutaya gasi, tisinthe."

"Ndiye anakonza ndani? Mizimu?"

A Gerevazio, eni galaja, amenenso anali amalume ake a Anselmo, anatsokomola ali pampando wawo.

"Ana a masiku ano, foni m'manja, nzeru m'thumba. Ndinakulemba ntchito mokumvera chisoni, wopanda ndi pepala lomwe la umakaniko. Apolisi akabwera ungovomera kuti dzanja linaphonya. Mtsikana samutsekera."

Loweruka, tsiku limene takisiyo inakonzedwa, Pilira anali kumaliro ku Bembeke. Atabwera Lolemba anapeza chitini chopanda kanthu kuseri kwa matayala, cha mankhwala omatira timabowo, aja amapopera m'mapaipi pamodzi ndi gasi. Anali atawachenjeza kale a Gerevazio kuti mankhwalawo amauma akakumana ndi chinyezi, ndipo paipi yobowokayo inali itamwa mpweya wa Juni sabata yonse. Iwo anangoseka. "Ku Dedza kuno eyakoni n'njachiyani? Tiziziziritsa kachewere?"

Pilira anadziwa kuti akatsegula pakamwa ntchito yatha, ndipo panalibe galaja ina mumsewu wonsewo yolemba mkazi wopanda pepala. Akavomera, dzina lake lifa pa Chimbiya, palibe adzamupatsenso ngakhale njinga.

Anatenga sipanala, natsegula boneti ya takisiyo.

"Siya galimoto ya mwini wake," a Gerevazio anadzuka.

"Khalani pansi, bambo, mungagwe."

Anamasula paipiyo pang'onopang'ono, gasi wotsala n'kutuluka ndi kamluzu. Kenako anaiduladula ndi sowo pamaso pa onse. Mkati munali zinthu zotuwa, zouma gwa ngati simenti, popanda podutsa ngakhale singano. Amayi ogulitsa mbatata m'mbali mwa msewu anali atasiya milu yawo, akusuzumira pakhomo.

Anselmo anakanda zoumazo ndi chikhadabo.

"Amalume, si munati mwaika paipi yatsopano?"

"Iwe, ine ndinayamba kugwira injini amayi ako asanakwatiwe."

"Mutu ukakula sulewa nkhonya," anatero Pilira. "Dzulo mumadya nokha ulemu wa umakaniko. Lero mlandu mukuti tigawane? Ayi, mukuti ndisenze ndekha."

Anavula ovolosi, naipinda bwinobwino, n'kuiika pa tebulo la zitsulo. Chidutswa cha paipi anachiika m'dzanja la a Gerevazio, nawapinditsa zala.

"Mayi Veronika agona kuchipatala, kabichi wawo wamwazika mumsewu. Mwana wa mlongo wanuyu akupita kupolisi tsopano lino, ndipo akamufunsa amene anapopera chitini chija. Akatchule dzina la ndani? Anthu akumva, bambo. Yankhani."