Chithunzi cha pa Bedi

"Chithunzi chimenecho sindichidziwa," anatero Kajambula, osachiyang'ana n'komwe. "Masiku ano ndi kompyuta akhoza kukuika ngakhale pamwezi."

Mkazi wake, amake mapasa, anamuyang'ana ali mbali ina ya khoti. Mlandu unali wothetsa banja, ndipo nkhani yaikulu inali yakuti ndani atsale m'nyumba ndi ana. Kajambula, mwini situdiyo yojambulira anthu, anali atalumbira kuti mkazi wina sanapondepo pakhomo pawo. Koma chithunzi chimene chinatsamira tebulo la woweruza chinkaonetsa mtsikana atakhala pa bedi lawo, atavala diresi yobiriwira ya amake mapasa. Mayiyu anachipeza mu alubamu ya ku situdiyo, n'kuchijambula ndi foni. Anakachikulitsa mpaka kufika saizi ya chitseko cha kabati, chifukwa chaching'ono sichikanamuthetsa mkwiyo.

Zaka zonse zimene anakhala akumugwirira magetsi mwamunayu pojambula, anaphunzira pamene ankapsera mtima msanga. Ukhoza kumunyozera mutu wake wadazi, iye n'kuseka, koma osati ntchito yake.

"Bwana woweruza, mwina akunena zoona bambowa," anatero mayiyu mofatsa. "Chithunzichi n'chopendekera. Kuwala kwagwera kukhoma, nkhope yada bii. Anajambula ndi wophunzira kumene."

"Chopendekera?" Kajambula anadzambatuka. "Kuwala kumeneko n'kwa pawindo! Ndinachita kudikira dzuwa litsike. Ukudziwa chiyani iwe, wongogwira nyale?"

Kumbuyo, mkulu wake wa amake mapasa analephera kupirira.

"Alamu, mapanga awiri avumbwitsa!"

Woweruza anamenya tebulo. Kajambula anapukuta thukuta, kenako anathawira ku lamulo limene ankaopsezera nalo makasitomala okopera zithunzi zake kwina.

"Chabwino, n'changa. Ndiye mwini wake ndine. Mayiyu wachikopera popanda chilolezo changa, kumeneko n'kuba ntchito ya munthu. Chichotsedwe pano."

"Lamulo mukulidziwa theka, bambo," anayankha woweruza. "Limatetezadi ntchito yanu, koma limalola kukopera chinthu pofuna kuchibweretsa kukhoti ngati umboni. Kupanda apo aliyense bwenzi akubisala kuseri kwa zojambula zake. Chithunzichi chikhala."

Mtima wa amake mapasa unazizira kwa nthawi yoyamba chichokereni ku situdiyo kuja. Koma woweruza anatembenukira kwa iye.

"Nanunso mayi, chilolezocho chimathera pakhomo la khoti lino. Ndikamva kuti mwachimata pamitengo kapena mwachimwaza pa mafoni, wozengedwa mlandu mukhala inu."

Kunyumba, pansi pa matiresi, mayiyu anali atasunga mulu wa makope oti akagawe kutchalitchi ndi kumsika. Zinamupweteka kwambiri.

Mlandu unaimitsidwa mpaka sabata yotsatira. Pakhonde, Kajambula anamutsatira chonyang'ama.

"Amake ana, tiyeni tikambirane kunyumba. Zinthu za m'banja sizifuna gulu."

"Za m'banja? Pamene munkamuveka diresi yanga munandiitana kuti tikambirane?"

"Mwamvatu, mukachionetsa kunja ndikusumirani."

"Ndamva, bambo. Ine ndine womvera malamulo."

Atafika kunyumba anatulutsa makope onse n'kuwatentha pambaula, mkulu wake akudandaula kuti mapepala okongola akupita pachabe. Kenako anatenga foni n'kukhala pansi bwinobwino. Anayamba ndi apongozi ake aakazi, kenako abusa, amayi a kwaya, eni mashopu oyandikana ndi situdiyo, ndi akwati onse amene Kajambula anali atalonjeza kuwajambula chaka chimenecho.

"Chithunzi sindingakutumizireni, lamulo silikundilola," ankatero kwa aliyense. "Koma khoti sililipiritsa pakhomo. Mubwere Lachiwiri, mulawirire kuti mupeze mpando wa kutsogolo."