Anyezi m'Dimba la Apongozi

Blasius Kachingwe anali ataphunzitsa zaka zisanu ndi zinayi pasukulu ya mishoni kufupi ndi Balaka, ndipo chaka chilichonse ankajambula pabolodi chinthu chimene iye mwini anali asanachionepo. Ankachikopera m'buku lakale: tizipinda ting'onoting'ono ta kunsonga kwa muzu, timene bukulo linkatitcha maselo, kamodzi kakugawika kukhala tiwiri. Ana akamufunsa ngati anationapo ndi maso, ankangotsokomola n'kuwauza kuti atsegule masamu. Zinkamupweteka mumtima zimenezi, ndipo manyaziwo ankafika nawo kunyumba.

Ndiye mu 1951 kunabwera a Jasten, othandizira dokotala, amene ankayendera zipatala zing'onozing'ono atanyamula maikulosikopu m'bokosi lathabwa, makina aja oonera tizilombo ta malungo m'magazi. Anali oti akhala sabata imodzi yokha, Loweruka masana akwere sitima ya ku Limbe. Blasius atawachonderera, iwo sanavute. Anamuuza kuti akhazike anyezi pakamwa pa botolo lamadzi kuti atulutse mizu yatsopano, abwere naye Loweruka odwala akatha. Koma anamuchenjeza kuti nsonga za mizuyo zisathyoke, chifukwa ntchito yonse yakugawikana imachitikira kunsongako.

Abale, bambo wamkulu ndi ndevu zake, sabata yonseyo ankangodzuka n'kuthamangira kuseri kwa nkhokwe kukayeza mizu ndi rula! Lachisanu inali yoyera mbee, yaitali ngati chala. Loweruka m'mawa anapita akuimba nyimbo ya kutchalitchi, koma atafika pamalopo nyimbo inathera pakhosi. Anyezi kunalibe. Botolo linali lotsukidwa bwinobwino, lovundikiridwa pathandala la apongozi ake.

Sizinafune wolosera. Apongozi akewo, Mayi Anastasia, anali munthu wadimba, ndipo munthu wadimba akaona anyezi wamizu akuzunzika pabotolo amakamudzala basi. Vuto linali lakuti Blasius anali mkamwini pamudzipo, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi zonse za ukwati wake anali asanayankhulanepo ndi apongozi akewo. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'udzu. Mawu onse ankadzera mwa mkazi wake Modester, koma Modester anali atapita ku Ntaja kukaona achemwali ake odwala. Kukazula yekha m'dimba la apongozi, umenewo unali mlandu woti n'kumulongedzetsa katundu. Ndipo dzuwa silinkamudikira.

Anathamangira kudambo. Apongozi anali mkati mwa mpanda wabango akuthirira mpiru, ndipo kunja kwake kunali mbuzi yomangirira pachikhomo. Blasius ananjuta chofulatira mpandawo n'kuyamba kuyankhula ndi mbuziyo mokweza.

"Iwe mbuzi, ukanadziwa tsoka langa! Anyezi uja sanali wotaya iyayi, ndi wa sukulu. Akufunika m'mawa uno ndi mizu yake yonse. Nsonga zikathyoka, ine ndatha."

Kenaka anamva apongozi akuuza chitini chawo chothiririra.

"Iwe chitini, anthu ophunzira amadzala anyezi m'botolo. Kaya amakolola madzi, kaya."

Blasius anangoti mutu weramu. Koma posachedwa anamva madzi akukhuthulidwa, chitini chimodzi, chachiwiri. Atasuzumira pang'ono pakati pa bango, anaona mayi aja atagwada, akukumba ndi zala mozungulira patali, mpaka ananyamula anyeziyo pamodzi ndi matope ake. Anamukulunga m'tsamba lanthochi n'kumuika pachipata, iwo n'kubwerera ku mpiru wawo. Mbuzi ija, yopanda ulemu, inatambasula khosi kuti idye tsambalo. Blasius anachita kudziponya chafufumimba n'kulanda, ndipo liwiro limene anathamanga nalo kuchokera pamenepo anthu a kumsika analikamba mwezi wathunthu.

Anafika kuchipatala malaya ali matope okhaokha, a Jasten akutsuka m'manja wodwala womaliza atatuluka. Anatsukuluza mizu ija mosamala, nsonga zonse zilipo. A Jasten anadula kansonga kamodzi ndi lezala, n'kukafewetsa m'madontho a asidi wofunditsa panyale, n'kudonthezera mankhwala a buluu, kenaka n'kukaphwatika ndi chala pakati pa timagalasi tiwiri. Koyambako kanawonongeka, munali mchenga. Blasius anangotsala pang'ono kulira. Atakonza kachiwiri, a Jasten anayang'ana m'makina muja, anapotokola kachitsulo kake pang'ono, n'kumukodola.

Blasius anaika diso. Poyamba kunali chifunga chabuluu. Kenaka tizipinda tija tinatulukira, mizeremizere ngati njerwa za khoma la tchalitchi, tambiri tosawerengeka! Tochuluka tinali ndi kadontho kakuda pakati, tili phee. A Jasten anati timeneto sitinagone, tikudya, tikukula, tikukonzekera, ndipo nthawi yaitali timakhala choncho. Koma apo ndi apo panali kena kamene kadontho kake kanamasuka kukhala tiulusi topiringizana. Kena tiulusi take tinafola pamzere pakati penipeni. Ndipo cha m'mphepete, abale, anakapeza kamene ankakajambula zaka zonse zija: tiulusi titagawana magulu awiri, ena kukokera uku ena uko. Pafupi nako panali kena kamene khoma latsopano linali litayamba kale pakati.

"Zilipodi, a Jasten! Sindinkanamiza ana!"

Anatsegula kope kuti ajambule zenizenizo akasonyeze ana Lolemba. A Jasten anayang'ana wotchi n'kunena kuti kwatsala mphindi khumi, bokosi litsekedwe. Pomwepo pakhonde panamveka kutsokomola. Apongozi anali atamutsatira, ndipo anauza a Jasten kuti popeza anyeziyo anagona m'dimba mwawo, nawonso aone chimene chathamangitsa mwamuna wa mwana wawo chonchi.

Blasius anaimirira n'kukayang'ana kukhoma, pensulo ili m'manja, mumtima akuwerenga mphindi zake zikupita. Mayi aja anawerama pamakinawo, a Jasten akuwalongosolera. Anafunsa ngati m'thupi la munthu mumachitikanso zomwezo, ndipo atauzidwa kuti inde, anafunsa kuti nanga tizipindato amatiuza ndani kuti basi, lekani kugawikana. A Jasten anayankha kuti ngakhale madokotala a ku Ulaya sakudziwa bwino, koma chilipo chimene chimaletsa tizipindato, n'chifukwa chake chilonda chikapola khungu limalekera pamene lakumana. Tizipindato tikapanda kumva, timangogawikabe, ndiye chimene chimakhala chotupa chokulirakulira mpaka kupha munthu.

Mayi Anastasia sanachotse diso pamakinawo. Kenaka anayankhula, osati kwa a Jasten.

"Aphunzitsi. Bambo ake a Modester anafa ndi chotupa m'mimba inu musanabwere pamudzi pathu. Abale awo anati ndinawalodza ndine, mpaka lero sandipatsa moni. Ndisiyeni ndione pang'ono."

Blasius anatembenuka.

"Onani, amayi."

Anatseka kope lija lopanda kanthu n'kuliika m'thumba. Mtambo unali utadutsa pazenera, ndiye anaima pambali pawo n'kuwakonzera kalilole wa makinawo kuti kuwala kubwerere. Anakhala akumugwira choncho mpaka sitima inalira kusiteshoni.