Timfundo ta Msana wa Bambo

Tsiku lomaliza kuwaona bambo ake ali moyo, iwo anali atagona chafufumimba pa benchi m'kachipinda kawo kosokera nsapato, malaya atawakwinyira m'khosi. Iye anali atawerama, akuwadina m'chiuno ndi zala zazikulu.

"Apa?"

"Tsitsani pang'ono, adokotala. Eyaa! Mdani wathu ndi ameneyo."

Udokotalawo unali wa dzina chabe. Ku koleji ya zachipatala anakhalako zaka ziwiri, mayeso anamugwetsa kawiri, basi anamuuza kuti alongedze. Anabwerera kwawo ndi chikwama chimodzi ndi buku la mafupa. Anthu a mumsewu wawo ankamutchula Dokotala pofuna kumuseka. Bambo ake okha ndiwo ankatchula dzinalo nkhope ili gwaa.

Pa zonse zimene anaphunzira, chimene chinamulowa bwino ndi msana. Atamva bambo ake akubuula podzuka pa kampando, anawatsegulira buku lija. Anawasonyeza mafupa asanu osanjikizana kumunsi kwa msana, lililonse logwirana ndi linzake chakumbuyo ndi timfundo tiwiri, kena kumanzere kena kumanja, tating'ono ngati chikhadabo. Kenako anaimika zikhatho zake moyang'anizana.

"M'chiuno muno timakhala chonchi, Ababa. Kuwerama ndi kuweramuka timalola, koma kupotoka timakana. Tsono inu guluu ndi misomali munaziika kumbuyo, tsiku lonse kupotoka. Taperepeseka ngati zidendene za nsapato izi."

"Ndiye tiikemo soli watsopano?"

"Inu mukuseka, ine ndikunena zoona."

"Nanga kuchipatala, adokotala, tipite?"

"Mukakataya tsiku pa mzere, n'kukupatsani timapiritsi ta mutu. Ndikuwongolani ndine."

Anatero ndithu, ndi pakamwa pake. Shelefu ya guluu anaisamutsira kutsogolo, kampando anakakweza ndi matabwa, ndipo m'mawa uliwonse ankawadina zala ziwiri kuchokera pa mzere wa msana, uku ndi uku. Bambo ake ankadzuka n'kuuza aliyense wobweretsa nsapato kuti mwana wawo ali ndi manja. Miyezi inayi inatha choncho. Tsiku lomaliza lija, atatha kuwadina, bambo ake anamutuma kukagula zikopa, ulendo wogona konko. Pobwera anapeza anthu pakhomo. Miyendo inali itawafooka mwadzidzidzi, anansi anawathamangitsira kuchipatala, ndipo sanatulukeko. Madokotala enieni anati inali khansa, ndipo inali italowa m'mafupa.

Maliro onse iye sanalire. Ankangowerenga m'mutu miyezi inayi ija, miyezi imene munthu akanatha kukhala pa mankhwala. Mayi ake sanamvepo mawu aja akuti ndikuwongolani ndine, ndipo iye sankadziwa kuti akadzawamva adzamuyang'ana bwanji.

Patatha masabata atatu, mwini nyumba anafuna kachipinda kaja, ndiye iye ndi mayi ake anapita kukalongedza. Munali nsapato zimene eni ake sanabwerere, nyundo yosalala chogwirira, fungo la guluu. Pa msomali wa kuseri kwa chitseko panali lamba wa bambo ake. Dokotala anamutenga kuti amupinde, ndipo chala chake chinakhudza mabowo anayi atsopano, oboola bwinobwino, otalikirana mofanana ndi akale. Munthu ankatha thupi pamaso pake, n'kumaboola lamba mwaluso kuti buluku lisaulule. Iye tsiku ndi tsiku manja ali pa thupi lomwelo, maso ali pa timfundo.

Anakhala pa benchi paja.

"Amayi, ndinawapha ndine."

"Iwe, pakamwa apo."

"Anandifunsa ngati apite kuchipatala, ine ndinawakaniza. Ndinkafuna ndioneke kuti ndikudziwa kanthu. Munthu wolephera mayeso kawiri! Akanapita nthawi imene ija, bwenzi..."

Mayi ake anaika pansi nsapato imene inali m'manja mwawo. Kenako anagwada movutikira, n'kukoka kabati ya pansi imene munkakhala zidutswa za zikopa. Pansi pa zidutswazo anasololapo envulopu yaikulu.

"Bambo ako aja anali munthu wamakani, Mulungu awakhululukire. Tenga."

Munali chithunzi cha mafupa, chija amajambula kuchipatala. Dokotala anapita nacho pakhomo n'kuchikweza ku dzuwa. Maso ake anathamangira ku timfundo take tija. Tinali pamalo pake, tiwiritiwiri, toyang'anizana bwino ngati m'buku. Koma fupa lachitatu ndi lachinayi anali odyekadyeka ngati thabwa lolowa chiswe. Ngakhale wolephera mayeso akanaona.

"Ndinapita nawo ndine," anatero mayi ake. "Madokotala anawauza kuti mwachedwa, chatsala n'kuchepetsa ululu basi. Mapiritsi ankamwera kuno kuti iwe usaone. Utabwera ndi chikwama chako chija, nkhope ili pansi ngati waba nkhuku, anandilumbiritsa. Akuti mwanayu amuuza kale kawiri kuti sadziwa kanthu, ife tisakhale achitatu. Komanso akuti ukawadina ankamvako bwino. Kaya ankanama, kaya."

"Mukungonditonthoza, Amayi. Chithunzichi anajambula ine nditawachedwetsa kale."

"Ine ndiyambe bodza ndi imvi izi? Ku koleji kwakoko unabwerako mwezi uti?"

"Meyi."

"Tawerenga pakona apo. Kusukulu unapitako ndiwe."

Anatsitsa chithunzicho pang'ono. Anachitsamiritsa pa chitseko. Pakona panali dzina la bambo ake, pansi pake tsiku lojambulira.

17 Febuluwale.